Dazi silipha, manyazi ndiwo akudya ndalama za anyamata

M'mawa wina pa siteshi ya Matero, minibasi ya ku tauni itatsala malo awili kuti idzale, kondakitala anagogoda pacitseko n'kufuula kuti: "Ba mudala, fendelani kumbuyo, tikhala folo-folo!" Tonse tinaceuka kuti tione mudala wake. Panalibe mudala. Panali mnyamata wa shati yoyela yosita bwino, envulopu ya khaki m'manja, mwina anali paulendo wokasakila nchito. Nkhope inali ya munthu amene sanakwanitse zaka 30, koma tsitsi la pamphumi linali litathawa kale, pakati pa mutu pakuwala. Wina ku mpando wothela anaponyapo lake: "Asiyeni ba bwana, dazi ni ndalama, lelo atilipilila tonse." Basi yonse inafa nazo nseko. Nayenso anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene alibe kothawila. Tisanafike mu Lumumba anali atatulutsa kepu m'cola n'kuivala, kukutentha conco.

Ambili a ise tinatsika titaiwala. Iye sanaiwale. Anyamata otele ni ambili m'makomboni mwathu, ku Kanyama, Chawama, Kalingalinga, Mtendere, George. Mudzawadziwa na kepu yosacoka kumutu, olo usiku, olo m'nyumba. Vuto limabwela pamene kepu iyenela kuvulidwa: m'chechi, pamalilo, pojambulitsa cithunzi ca pasipoti, pokaonekela kwa apongozi, polowa mu ofesi ya bwana amene akulemba anthu nchito. Mnyamata amene amaseka na anzake pa bolo tsiku lililonse amafika pocita mantha na galasi la m'babashopu.

Maganizo athu pankhaniyi ni awa. Dazi palokha silipweteka, silipha, silipatsilana. Cimene cikuvutitsa anyamata ni manyazi amene ise anzawo timawapatsa, ndipo kumbuyo kwa manyaziwo kwaima anthu amalonda amene apezapo munda. Mnyamata wosekedwa m'basi m'mawa ndiye amene madzulo amagula botolo lopanda dzina pa City Market.

Tiyambe na cimene cimacitika m'mutu, cifukwa mabodza amakula pamene coonadi sicidziwika. Munthu ali na tsitsi pafupifupi 100,000 kumutu, ndipo kuthothoka kwa tsitsi 50 mpaka 100 patsiku n'kwacibadwa, lina limamela m'malo mwake. Tsitsi lililonse limacokela m'kathumba kakang'ono pansi pa khungu. Thupi la mwamuna limapanga testosterone, imene imakulitsa mau na kumeletsa ndevu, ndipo gawo lina la testosterone limasanduka cinthu cochedwa DHT. Mwa amuna ena, tumatumba twa pamphumi na pakati pa mutu timagonja msanga ku DHT. Timafota caka na caka. Tsitsi limatuluka loonda, lalifupi, mpaka kukhala ngati ubweya wa khanda, kenako osaonekanso. Tumatumba twa m'mbali na kunkhongo situgonja, n'cifukwa cake ngakhale agogo a dazi lalikulu amatsala na mpanda wa tsitsi kuzungulila makutu.

Izi sizinadziwike dzulo. Mu 1942 dokotala wa ku America, James Hamilton, anaonetsa kuti amuna amene anafulidwa asanathe msinkhu sanali kucita dazi, ndipo ena a iwo atapatsidwa testosterone tsitsi linayamba kucoka ngati kwawo kunali a dazi. Mu 1975 dokotala wina, O'Tar Norwood, anagawa dazi m'masitepe 7, kuyambila pa makona a pamphumi mpaka pamene patsala mpanda wokha. Madokotala akali kugwilitsila nchito masitepe amenewo mpaka lelo.

Cimene cimasankha kuti uyu agonje, uyu ayi, ni mtundu. Dazi limayenda m'magazi, kucokela kucimuna na kucikazi komwe. Mukafuna kudziwa kumene mutu wanu ukupita, yang'anani atate anu, ambuye anu, na amalume anu. Likhoza kuyamba munthu atangotha msinkhu, zaka 18 kapena 20, ndipo silifunsa kuti wakwatila kapena wapeza nchito.

Manje tiyeni titaye zimene timauzana m'basi. Ati kepu ndiye imadya tsitsi. Bodza, kepu imangobisa. Ati anasenza makatoni ambili pa Soweto. Akanakhala conco, amayi athu onse osenza madzi akanakhala na dazi la pamphumi. Ati amaganiza maningi, ni wanzelu. Tili nawo a dazi amene anafeluka giledi 7, tilinso na mapulofesa a tsitsi lodzala. Ati a dazi ali na mphamvu zambili za m'nyumba. Nkhani ili pa tumatumba twa tsitsi, siili pa mphamvu. Ati ukameta kawili-kawili limamela lolimba. Lezala imadula pamwamba, sifika kumene tsitsi limapangidwa. Ndipo ati anam'lodza, tsitsi lake analitola pa babashopu. Bodza limeneli ladanitsa abale, pamene mfiti yake ili pa cithunzi ca ambuye cimene cili pacipupa.

Ngakhale nthabwala yakuti dazi ni ndalama ili na mano. Mu 2017 apolisi a ku Mozambique anacenjeza amuna a dazi m'cigawo ca Zambezia, pambuyo pakuti amuna angapo anaphedwa, ena a iwo m'boma la Milange, kumalile na Malawi. Cifukwa cake cinali cikhulupililo cakuti m'mutu wa munthu wa dazi muli golide. Anthu a kumeneko amakamba cinenelo cofanana na cathu. Sitikunena kuti woseka m'basi ni cigawenga, koma tizidziwa kuti mau amene timaseweletsa kuno, kwina anakhetsa magazi.

Tibwele kwa amalonda. Mumawadziwa. Amakwela basi ikali kudzala pa Kulima Tower kapena pa Millennium, cola ca mabotolo paphewa, pakamwa pothwa. Botolo limodzi lomwelo limacilitsa shuga, BP, msana, mphamvu za abambo, ndipo mukalipaka kumutu, m'masabata awili tsitsi mbwee. Ena amamata mapepala pa mapolo a magetsi, nambala ya foni yokha, dzina palibe. Ena ali pa Facebook na WhatsApp na zithunzi ziwili, ici ca dazi, ici ca tsitsi lodzala, osadziwika ngati ni munthu mmodzi. Funso losavuta ni ili: munthu amene ali na mankhwala omeletsa tsitsi m'masabata awili angakhale akukwela minibasi na ise? Mabwana a dazi a dziko lonse akanam'pangila mzele pakhomo.

Palinso za kukhichini: anyezi, adyo, mafuta a nsatsi, mazila. Mafuta amafewetsa khungu na kuwalitsa tsitsi limene lilipo, zimenezo n'zoona. Koma sangaletse DHT. Coopsa ni zosakaniza zoyabwa zimene ogulitsa amati "zikawawa ndiye kuti zikusewenza". Adyo wosinja akakhalitsa pakhungu amawocha. Khungu likapsa n'kucita cipsela, pamalopo tsitsi silidzamelanso, olo mutapeza mankhwala enieni. Munthu amalipila ndalama ya ndiwo kuti aonongeletu zimene zinatsala.

Ku babashopu nako kwabwela luso lopenta. Wometa amakonza mzele wa pamphumi na utoto wakuda, munthu n'kutuluka ngati wa zaka 19. Pa ukwati kapena pa cithunzi, palibe mlandu. Koma ni nkhani ya masiku ocepa, ndipo thukuta la mu Okutobala kapena mvula ya mu Janyuwale sizisunga cinsinsi. Utoto wambili wakuda uli na mankhwala ochedwa PPD, amene ena akawapaka amatupa nkhope na kucita matuza. N'cifukwa cake pa makatoni amalemba kuti muyambe mwayesa pang'ono pakhungu n'kuyembekeza maola 48. Ni angati a ise amene tinawelengapo kapepala kameneko?

Kodi mankhwala enieni alipo? Alipo awili odziwika bwino, ndipo tiwakambe mosabisa ubwino na kuipa kwake. Oyamba ni minoxidil. Anayamba ngati mapilisi a BP, madokotala n'kuona kuti odwala akumela tsitsi, ndipo mu 1988 boma la America linavomeleza opaka kumutu. Amapakidwa tsiku lililonse. Pamapita miyezi 3 mpaka 6 musanaone kusintha, ndipo m'masabata oyamba tsitsi likhoza kuthothoka kwambili lisanayambe kubwelela. Amathandiza kwambili pakati pa mutu kusiyana na pamphumi, ndipo sasewenza kwa aliyense. Ena amawayabwa.

Aciwili ni finasteride, mapilisi amene amacepetsa DHT m'thupi. Anayamba ngati mankhwala a prostate, ndipo a 1 mg a tsitsi anavomelezedwa mu 1997. Kwa amuna ambili amaimitsa dazi kuti lisapitilile. Koma amuna ena ocepa amadandaula kuti cilakolako na mphamvu za m'nyumba zatsika, ena amakhala okhumudwa mumtima. Mayi woyembekezela sayenela kugwila pilisi losweka, cifukwa likhoza kuvulaza mwana wamwamuna ali m'mimba. Awa si mapilisi opatsana ngati Panado. Afunika dokotala, ndipo agulidwe ku famasi yovomelezeka.

Cimene ogulitsa sakamba ni ici: mankhwala onse awili amagwila nchito pamene mukuwasewenzetsa cabe. Mukaleka, m'miyezi ingapo tsitsi lonse limene munapulumutsa limapita. Ni lendi, simunagule nyumba. Conco musanayambe, funsani mtengo wa mwezi umodzi, muwelengele miyezi 12, ndiyeno zaka 10. Muike pambali pa lendi yeniyeni, unga, malasha, thilansipoti na ndalama za sukulu za mng'ono wanu. Ngati thumba likwanitsa ndipo mtima wafuna, yambani msanga, cifukwa mankhwalawa amateteza tsitsi limene likalipo, sadzutsa limene linafa zaka zapitazo. Ngati thumba silikwanitsa, musayambe n'komwe. Kugula botolo limodzi pa mwezi wa bonasi n'kutaya ndalama m'ngalande.

Njila yacitatu ni yowokela, kuzula tumatumba twa kunkhongo n'kutubyala pamphumi. Wayne Rooney anacita zimenezi ku London mu 2011 ali na zaka 25, n'kuulula yekha poyela, ndipo mu 2013 anabwelelanso kaciwili. Masiku ano anthu ambili amapita ku Istanbul. Koma ngati Rooney, wa malipilo a Manchester United, anafunika kupitako kawili, wa ku Kanyama aziwelenga bwino: tikiti ya ndeke, malo ogona, opaleshoni, ndiyeno mankhwala opitiliza cifukwa tsitsi lakale limapitilizabe kucoka. Komanso khungu la ife akuda limakonda kucita zipsela zotupa, ndipo tsitsi lathu lopotana limavuta kuzula losaduka. Si nchito ya munthu amene mwangomuona pa foni.

Koma mnyamata asanasankhe ciliconse, ayambe watsimikiza kuti ni dazi lenileni. Dazi la mtundu limabwela pang'onopang'ono, kuyambila m'makona a pamphumi kapena pakati, popanda zilonda, popanda kuyabwa. Ngati tsitsi lacoka malo ozungulila ngati kobili, ngati pali mamba, mafinya kapena kunyeleza, ngati likucoka paliponse mwadzidzidzi, ngati nsidze nazo zikuthothoka, imeneyo ni nkhani ina. Zikhoza kukhala zipele, zimene zimapatsilana kudzela m'mashini ometela na zipeso, ndipo zimafuna mankhwala akumwa. Cindoko naco cikakhalitsa m'thupi cimadya tsitsi mwa apa na apo. Kucepa kwa magazi kumathothola tsitsi, monganso matenda aakulu a kutentha thupi, amene tsitsi limagwa patapita miyezi iwili kapena itatu munthu atacila, kenako limamelanso lokha. Madiledi na malukidwe okoka kwambili amadya mzele wa pamphumi. Zambili mwa izi zimacilitsika zikapezeka msanga. Yambilani pa kiliniki ya m'komboni mwanu, ya Mtendere, ya Kalingalinga, ya George, kapena pa zipatala za Kanyama, Matero na Chawama. Zikawakulila adzakulembelani kalata ya ku UTH, kumene kuli madokotala a khungu. Mzele wa kucipatala ni wautali, tidziwa, koma ni wochipa kuposa mabotolo asanu a m'basi.

Ndiyeno pali njila imene ambili amafikapo pothela, atataya kale ndalama: kumeta mpala. Tikuti bwanji osayambila pamenepo? Cimene cimakopa maso a anthu si mutu wosalala, ni nkhondo yobisa, tsitsi la m'mbali lokokeledwa pakati, utoto wotsika na thukuta, kepu m'chechi. Munthu akameta zonse n'kusunga ndevu zokonzedwa bwino, nkhani imatha. Palibenso cobisa, palibenso coulula.

A Kenneth Kaunda anadziwika zaka zambili na tsitsi loimilila lija limene linali pa ndalama zathu. Atakula anali kuoneka na mutu wometa, mpaka pamene anatisiya pa 17 Juni 2021 ali na zaka 97. Ulemu wawo sunacoke na tsitsi. Okonda bola akumbukila fainolo ya World Cup ya 1998, pamene France inacinya Brazil 3-0. Zigoli ziwili zoyamba anagoletsa Zinedine Zidane, zonse na mutu, ali na zaka 26, dazi lili poyela pamaso pa dziko lonse. Pep Guardiola tam'kambilana m'mabasi kambilimbili, ndipo mkangano unali pa timu imene anaika m'bwalo, osati pa mutu wake.

Mpala nayo ili na malamulo ake. Onetsetsani kuti wometa wapukuta mashini na sipiliti inu mukuona. Lezala ikhale yatsopano, yotsegulidwa pamaso panu, cifukwa lezala yobwelekana ikhoza kunyamula matenda a m'magazi monga hepatitis B. Ngati mumacita tuzilonda kunkhongo mukameta, muuzeni asapale kwambili, asiye pang'ono. Tuzilonda tumeneto tukanyalanyazidwa tumasanduka zipsela zolimba. Pakani mafuta pang'ono, ndipo padzuwa la masana valani cisote. Pamenepo cisote cakhala coteteza mutu, cosabisa kanthu, ndipo mukhoza kucivula pamaso pa aliyense.

Tili na mau kwa anthu angapo. Kwa a ZAMRA, bungwe limene lamulo la 2013 linalipatsa udindo woyang'anila mankhwala m'dziko muno: mabotolo olonjeza zozizwitsa sagulitsidwa mobisa, ali m'masiteshi masanasana. Gwilizanani na khonsolo ya Lusaka, imene imayang'anila misika na masiteshi, muzifikako. Muzikambanso pa wailesi m'Cinyanja momwe munthu wamba angadziwile mankhwala ovomelezeka.

Kwa ometa: inu ndinu oyamba kuona. Mumaona pakati pa mutu wa kasitoma iye asanapaone. Muuzeni mwaulemu, pambali, osati babashopu yonse ikumva. Mukaona zipele kapena zilonda, mutumizeni ku kiliniki m'malo momugulitsa kabotolo ka pansi pa tebulo. Kasitoma wa mpala amabwela kawili-kawili kuposa wa tsitsi, simudzaluza.

Kwa alongo athu, azikazi athu na atsikana amene anyamatawa amawafuna: liu lanu limalemela kuposa la basi yonse. Nthabwala imodzi yocokela kwa inu imakhala mumtima caka cathunthu. Liu limodzi lakuti "meta cabe, uoneka bwino" lapulumutsa malipilo a anthu ambili.

Kwa ise okwela basi, makondakitala na oitanila pa siteshi: kuseka ni mbali ya ulendo, ndipo popanda nthabwala mzele wa magalimoto wa mu Great East kapena mu Kafue Road ungatiphe. Koma pali kusiyana pakati pa kuseka na munthu na kuseka munthu. Yang'anani nkhope musanaitane kuti mudala. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimile, mawa adzazima zako. Dazi limafika kwa amuna oculuka akamakula, ndiye kondakitala wa tsitsi lodzala lelo asadzitame, ayambe wakaona cithunzi ca amalume ake.

Ndipo kwa iwe mnyamata wa kepu, amene mwina ukuwelenga izi utapanikizika pampando wa kumbuyo: kumva cisoni si ucitsilu. Tsitsi ni mbali ya nkhope imene unaizolowela, ndipo kuliona likupita usanakwatile n'kowawa. Usadzitsekele m'nyumba, usaleke kupita kumene anzako ali. Kamba na mnzako mmodzi amene anapitamo kale, udzadabwa kuti nayenso anagulapo botolo. Ngati nkhawa yafika pokulanda tulo kapena kukuletsa kukafunsila nchito, ukaonane na aphungu ku kiliniki, alipo cifukwa ca zinthu ngati zimenezi. Pambuyo pake sankha cimodzi na maso otsegula: mankhwala enieni ocokela kwa dokotala, ukudziwa mtengo wake wa zaka, kapena mashini a wometa pa nambala zilo. Zonse ziwili n'zaulemu. Cosafunika ni kupatsa ndalama yako ya thukuta kwa munthu wa cola amene adzatsika pa siteshi yotsatila.

Mnyamata wa envulopu uja anatsika pafupi na Findeco House. Tinamuona pawindo ataima pambali pa msewu, akukonza kolala. Anagwila kepu, n'kuzengeleza pang'ono, kenako anaivula, n'kuipinda, n'kuibweza m'cola. Ofesi iliyonse imene anali kupitako inali kufuna mapepala a mu envulopu na nzelu za m'mutu. Tikhulupilila kuti anaipeza nchitoyo.